Mame amene sanakamuke

Mukachoka pa Dedza kulowera ku Ntcheu pamsewu wa M1, pali malo amene minibasi imayenda m'Malawi koma wokwera wa pawindo la kumanja akaponya chitsononkho chimakagwera ku Mozambique. Palibe mpanda, palibe mtsinje. Chimanga cha uku ndi cha uko chimamera ndi mvula imodzi. Pa Lizulu, amayi ogulitsa kachewere ndi kabichi amawoloka msewu kakhumi dzuwa lisanafike pamutu, ndipo palibe amene amawerenga kuti wasintha dziko kangati. Malire amenewa anapangana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo anang'amba pakati dziko la Angoni a Maseko. Phiri la Domwe, kumene Chikuse anali ndi likulu lake, linatsalira tsidya, m'boma limene mpaka lero likutchedwa Angónia. Anthu ndi omwewa, chinenero n'chomwechi, maliro amalirira pamodzi.

Ndinakulira m'mudzi wina wa m'mbali mwa malirewa, pakhomo pa agogo anga aakazi. Usiku wina chakumapeto kwa 1986, titangodzala kumene chimanga, tili pa nsima, tinamva "odi" wapansipansi, wa munthu amene sakufuna kuti nyumba yoyandikana imve. Anali mayi, mwana kumbuyo, ena awiri atamugwira chitenje. Pamutu anasenza poto, ndipo m'potomo munali khasu lopanda mpini.

"Lowani, amayi. Usiku uno mwachokera kuti?"

"Kwathu kwapsa, mayi."

"Anawa adya?"

Mlendoyo anangoti zyoli. Agogo anakoka mbale yathu n'kuchotsamo mitanda iwiri, ine ndikuwayang'ana ndi mkwiyo wonse umene mwana wa zaka 9 amakhala nawo akalandidwa nsima. Dzina sanamufunse. Anayala mkeka m'khitchini, pamene phulusa linali lisanazizire, poti usiku wa ku Dedza sunyengerera munthu ngakhale m'dzinja. "Gonani, mawa tiona," anatero. Mawa limenelo linakafika mu 1994. Ndipo ngakhale anadzamanga kanyumba kawo kuseri kwa nkhokwe, mudzi wonse unkangowatchabe kuti a kukhitchini.

Amene anabadwa mfuti zitaleka kulira ayenera kuuzidwa kumene motowo unachokera. Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo pasanathe zaka zambiri boma la Frelimo linali pankhondo ndi Renamo, amene kumudzi tinkangowatcha Matsanga, potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba, André Matsangaissa. Angónia ndiye nkhokwe ya chigawo cha Tete, dziko la chimanga, nyemba ndi kachewere, ndipo msilikali wa mbali iliyonse amafuna kudya. Anthu wamba anapanikizika pakati: Frelimo ikuwakusira m'midzi ya boma yoti azikhala pamodzi, Renamo ikuwotcha midzi yomweyo ndi kugwira anthu kuti aziwasenzera katundu. Pa 30 Okutobala 1985, ansembe awiri Achijezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa dera lomwelo, ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal, anatengedwa usiku kunyumba kwawo ku Chapotera, kufupi ndi mishoni ya Lifidzi. Mitembo yawo inapezeka patapita masiku. Ngati ansembe ankafa chotero, mayi wa ana atatu akanadalira chiyani?

Chaka chotsatira ndicho chinatsegula chitseko. Mu Sepitembala 1986 mtsogoleri wa Mozambique Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzauza Kamuzu Banda maso ndi maso kuti dziko lake likusunga Renamo. Boma lathu linakana. Pa 19 Okutobala Machel anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini, ndipo m'miyezi yomweyo nkhondo inasefukira m'zigawo za Tete ndi Zambézia. Tauni ya Ulongwe, imene akale ankaitcha Vila Coutinho, nayo inalowedwa. Anthu anayamba kuwoloka usana ndi usiku. Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi anali atapitirira 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni nthaka.

Kumwera kunamangidwa misasa ikuluikulu monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu. Ku Dedza ndi ku Ntcheu zinayenda mwina: ambiri sanalowe mumsasa, analowa m'midzi. Wina anali ndi malume ake kuno, wina anali ndi mnzake wa pamsika, wina ankangodziwa kuti mfunda wake ndi umodzi ndi wa nyakwawa. Ena, ngati mayi uja, analibe aliyense. Anangoona moto n'kulunjika. Nyakwawa inkaloza malo, munthu n'kuzika mitengo, n'kuphoma, n'kufolera. Mizere ya tinyumba ta udzu inatambalala m'mbali mwa msewu moti okwera basi ankafunsana kuti midzi yonseyi yamera liti. Ena ankagona kuno, m'mawa n'kuzemba kukalima minda yawo tsidya, ndipo si onse amene ankabwerako. Mabungwe anadza pambuyo: UNHCR, World Food Programme, Malawi Red Cross ndi makadi awo a chakudya. Lamulo la dziko lino lokhudza othawa kwawo linabwera mu 1989, agogo atayala kale mkeka zaka zitatu zapitazo.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene anapeka mwambiwu sankaganiza za mlendo wa zaka 8. Ndisaname, sizinali zokoma zokhazokha. Nkhuni zinasowa. Mapiri amene tinkazulako bowa anametedwa mpala, ndipo amayi ankadzuka tambala woyamba kukafuna mtolo umodzi. Pachitsime panali mzere ndi mawu olasa. Lole ya chakudya ikabwera, alendo ankalandira ufa, nyemba, mafuta ndi mchere eni mudzi akuyang'ana, ndipo m'chilala cha 1992 panali mabanja a kuno amene ankapita ndi kambale kukapempha ufa kwa anthu omwe anawalandira dzana. Ena a kuno anadzilembetsa ngati othawa nkhondo. Ena analemerera pa ganyu wotchipa, kumulimitsa mlendo ndime yonse n'kumulipira mbale ya madeya. Harri Englund, amene anakhala m'midzi ya m'malire a Dedza ndi Angónia nkhondo ikupita kumapeto, n'kulemba buku lotchedwa From War to Peace on the Mozambique-Malawi Borderland, anaonetsa kuti kulandirana kumeneku sikunkangochokera m'magazi ayi. Chibale chinkachita kumangidwa, ndi ngongole, maukwati, mikangano ndi kudalirana kwa tsiku ndi tsiku.

Komabe pamudzi panali chinthu chimene msasa sukanapereka. Mu 1990, mtedza utasowa pa chakudya chogawidwa, othawa nkhondo oposa 18,000 anadwala pellagra, nthenda yogwira munthu wodya chimanga chokhachokha, imene imasupula khungu ndi kutsegula m'mimba. Madokotala atafufuza anapeza kuti amene anali ndi kadimba kawo ankatetezeka kuposa anzawo. Pakhomo pathu, tsiku lachitatu, agogo anatuma malume kukadula mpini. Kenaka anatengana ndi mayi uja kupita kudimba, n'kuyenda naye kuchokera pachulu kukafika pa mtengo wa mapichesi. "Apa ndi panu, amayi." Anangotero, n'kubwerera kukapalira mbali yawo.

Zimenezi zinali zitayamba kufufutika m'mutu mwanga mpaka mu Sepitembala 2023, pamene ndinamva kuti Mpingo wa Katolika walengeza banja lonse la alimi a ku Poland, makolo ndi ana omwe, kuti ndi Odala. Józef Ulma anali mlimi wa zipatso ndi njuchi m'mudzi wa Markowa, wokondanso kujambula zithunzi; akanakhala wa kuno bwenzi ali ndi mapichesi ku Bembeke. Ajeremani atalanda dziko lawo mu 1939 anatsekera Ayuda m'zigawo zotchinga za m'matauni zotchedwa gheto, ndipo pa 15 Okutobala 1941 bwanamkubwa wawo, Hans Frank, analamula kuti Myuda wotuluka m'gheto aphedwe, pamodzi ndi aliyense womusunga. Józef ndi mkazi wake Wiktoria ankalidziwa lamulolo. Anabisabe Ayuda 8 m'kachipinda ka kudenga kwa nthawi yoposa chaka. Wina anakawaneneza. M'bandakucha wa pa 24 Malichi 1944, apolisi Achijeremani anawombera Ayudawo, kenaka Józef, kenaka Wiktoria, amene anali woyembekezera masiku atayandikira, kenaka ana awo 6. Wamkulu anali asanakwanitse zaka 8.

Ku Lithuania Ajeremani analowa mu Juni 1941, ndipo nkhondo isanathe Ayuda oposa 90 mwa 100 aliwonse anali ataphedwa, ambiri m'maenje a kunkhalango monga Paneriai, kunja kwa mzinda wa Vilnius. Ona Šimaitė ankagwira ntchito mulaibulale ya yunivesite ya mumzindawo. Anapeza chilolezo cholowa m'gheto ponena kuti akukatenga mabuku amene ophunzira Achiyuda sanabweze. Polowa ankabisa chakudya, mankhwala ndi makalata. Potuluka ankanyamula zolemba za anthu amene ankadziwa kuti masiku awo atha, ndipo ena anawapezera kobisala. Anagwidwa mu 1944, anazunzidwa, anatumizidwa ku Dachau, koma sanaulule munthu. Akuti ankadziiwalitsa dala mayina, kuti akamenyedwa asakhale ndi choulula. Ku Warsaw, Irena Sendler wa gulu lachinsinsi la Żegota ankachita mosemphana: ankatulutsa ana m'gheto, n'kulemba dzina lenileni la mwana aliyense pakapepala, n'kubisa, kuti kholo likadzapulumuka lidzamupeze mwana wake. Makolo ambiri sanabwere. Anathera ku Treblinka.

Ku Yerusalemu kuli malo a chikumbutso otchedwa Yad Vashem. Kuyambira mu 1963 akhala akufufuza ndi kulemba mayina a anthu osakhala Ayuda amene anaika moyo wawo pachiswe populumutsa Ayuda osafuna malipiro. Wopulumuka amachitira umboni, komiti imaunika, dzina limalembedwa pakhoma. Apolishi alipo oposa 7,000, kuposa a dziko lina lililonse. A ku Lithuania alipo oposa 900. Manambalawa amakoma kumva mpaka mutakumbukira kuti Ayuda a ku Poland amene anaphedwa ndi pafupifupi 3 miliyoni, ndi kuti ku Jedwabne, pa 10 Julayi 1941, amene anatsekera Ayuda m'chinyumba chosungiramo zokolola n'kuyatsa moto anali anansi awo Achipolishi, monganso ambiri owombera ku Paneriai anali a ku Lithuania komweko. Wobisa ankaopa Mjeremani, komanso ankaopa wa nyumba yoyandikana.

Sindikufuna kuwaveka agogo anga chovala cha Wiktoria Ulma. Sakanachilandira n'komwe. Kusunga munthu wa ku Mozambique kunkatha nkhuni ndi ufa, koma boma silinkakuphera. Ngati tikufuna nthawi imene malire omwewa anayesa anthu mofanana ndi Markowa, tibwerere m'mbuyo zaka 14 kuchokera mu 1986, pamene othawa ankachoka kuno kulowera uko.

Boma la Kamuzu linaletsa Mboni za Yehova mu Okutobala 1967. Mlandu wawo waukulu unali kukana kugula khadi la chipani cha MCP, m'masiku amene popanda khadi sunkalowa mumsika kapena kukwera basi. Msonkhano waukulu wa chipani wa mu Sepitembala 1972 utagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kupitikitsidwa m'midzi, anyamata a Youth League ndi Apayoniya anayamba kuwotcha nyumba, kumenya, kugwirira ndi kupha. Mboni pafupifupi 20,000 zinathawira ku Sinda Misale m'Zambia. Zitabwezedwa kumapeto kwa chaka chomwecho, zinawolokera ku Mozambique wa Apwitikizi, kumisasa ya ku Mlangeni, kumene zinapitirira 30,000. Mu 1975 Frelimo inazibweza kuno, ndipo zikwi zingapo zinakathera kundende ya Dzaleka. Chiletsocho chinachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993.

Omenyawo sanachokere ku Germany. Anali ana a m'midzi mwathu momwemu, ndipo ena takhala tikudya nawo nsima ya pamaliro mpaka imvi zamera. Obisa nawonso analipo. Ndili mwana ndinkamva amayi akunong'onezana pachitsime za bambo wina wa mudzi woyandikana, mkulu wa mpingo wa CCAP, amene sankagwirizana ndi Mboni pa vesi ndi limodzi lomwe. Akuti anagoneka banja la Mboni m'nkhokwe yake masiku atatu, atawaphimba ndi makoko a chimanga, anyamata a malaya ofiira akuzungulira mudzi. Usiku wachinayi anawaperekeza kudzera m'madimba mpaka tsidya, n'kubwerera kutacha, khasu paphewa, ngati wochokera kumunda. Akanagwidwa, nyumba yake ikanapsa usiku womwewo, mwiniwake n'kukaionera m'kati Dzaleka. Iye sanaikambepo nkhaniyi, ngakhale Kamuzu atachoka pampando. Mantha a zaka 30 sachoka ndi referendamu imodzi. Bamboyo anamwalira, ndipo dzina lake silili pakhoma lililonse.

Wina anganene kuti za Poland ndi Lithuania n'zakutali. Si kutali kwenikweni. M'nkhondo ya Ajeremani ija Apolishi othawa kwawo anasungidwa m'misasa ya ku Northern Rhodesia, ku Lusaka, Bwana Mkubwa, Abercorn ndi Fort Jameson, Chipata wa lero, pamphuno pa Mchinji. Ndipo Simon Zukas, Myuda wobadwira ku Ukmergė m'Lithuania mu 1925, anafika ku Northern Rhodesia mu 1938, kutatsala zaka zitatu kuti Ajeremani afike kwawo. Atakula analimbana ndi chitaganya limodzi ndi anthu akuda, Angerezi anamupitikitsa mu 1952, ndipo anadzakhala nduna m'boma la Zambia. Anamwalira ku Lusaka mu 2021.

Chimene Ayuda anachita, opulumuka adakali moyo, ndi kuwafunsa: anakusungani ndani? Ife funso limeneli sitinafunse, kwa Mboni ngakhale kwa a ku Mozambique. Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo atasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, ambiri a ku Angónia wapansi, osadikira malole a UNHCR, atasenza zitseko ndi timatumba ta mbewu. Pofika 1995 mizere ya tinyumba ija inali milu ya dothi, ndipo lero pamenepo pali kachewere. Mabungwe analemba matani a ufa ndi chiwerengero cha mijigo. Amene anapereka khitchini, dimba ndi mpini sanalembedwe, ndipo owachitira umboni akukalamba ku Ulongwe, ku Domwe ndi ku Tsangano, ulendo wa panjinga kuchokera pamsewu wa M1. Masukulu athu aukachenjede ali ndi ophunzira mbiri amene chaka ndi chaka amasowa mutu wofufuza. Kujambula mawu a okalambawa sikufuna ndalama zoposa foni ndi mtengo wa kabaza. Dzaleka, ndende ija, inasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, ndipo mu 2023 boma linasesa othawa kwawo m'matauni ndi m'midzi kuwabwezera kumeneko. Mlendo wonga uja amene agogo anamulozera dimba, lero lamulo likuti malo ake ndi kumsasa.

Agogo anamwalira m'chisanu cha Julayi, patatha zaka 10 alendo athu atabwerera kwawo. Uthenga tsidya sitinatumize, koma maliro amayenda okha. Madzulo a tsiku logona pasiwa tinangoona mayi uja akulowa m'mudzi, tsitsi litachita mbuu, kumbuyo kwake kuli mnyamata wandevu akukankha njinga. Ndinatenga nthawi kuti ndimuzindikire kuti ndi uja anabwera ali kumbuyo. Panjingapo anamangapo thumba la ufa, pamwamba pake mtolo wa nkhuni. Mayiyo sanakhale pamene pankakhala alendo. Analowa m'nyumba, n'kudutsa onse, n'kukakhala kumutu kwa bokosi pakati pa ana a malemu, ndipo palibe amene anamusuntha.

M'mawa mwake wolemba chipepeso anafika pa thumba lija, cholembera m'manja, n'kutembenukira kwa malume.

"Akulu, awa tilembe kuti ndani? Achibale kapena anansi?"

Malume anakhala chete kanthawi, akuyang'ana nkhunizo. Kenaka anamunong'oneza. Nthawi ya mwambo itakwana, atatchula za mafumu, za mpingo ndi za akuchimuna, wolengeza anakweza mawu kuti a kumbuyo amve:

"Thumba la ufa limodzi, mtolo wa nkhuni umodzi, kuchokera kwa a kukhitchini."